Mphini za pa Mkono Wanga

Anayamba kuitana amuna. Unali mwezi wa Julayi m'chaka cha 1944, pachilumba chathu chaching'ono pafupi ndi gombe la dziko la Turkey. Msilikali wachijeremani anafika ndi womasulira kwa akulu a sunagoge, nanena kuti mwamuna aliyense wachiyuda akaonekere ku nyumba ya asilikali a ndeke atatenga chitupa chake. Bambo anga anali osoka nsapato. Anavula epuloni, anasamba m'manja, navala jekete la pa Sabata. Potuluka anauza mayi kuti awasungire chakudya.

Kutacha uthenga unabweranso: akazi ndi ana atsatire, atenge zovala, zakudya ndi zodzikongoletsera zawo zonse, banja limene litsale, mwamuna wake awomberedwa. Tinapita tokha ndi miyendo yathu, palibe anatikoka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo ndinabereka mng'ono wanga wa zaka zinayi. Mlongo wanga wamkulu sanalipo. Iye anali atapita ku Afirika nkhondo isanayambe, kukagwira ntchito m'sitolo ya munthu wakwathu. Mlandu wathu unali umodzi basi, woti tinali Ayuda.

M'nyumba muja ankatilowetsa mmodzimmodzi m'chipinda chokhala ndi tebulo. Kuseri kwa tebulo kunali ofesala, pambali pake womasulira.

"Ndolo za amako zili kuti?"

Ndinati apereka kale.

"Tsegula pakamwa."

Anayang'ana m'kamwa mwanga, akukankha lilime ndi pensulo. Atapeza kuti mulibe kanthu anandimenya khofi, osati mwaukali ayi, koma ngati munthu wodinda chidindo. Kenaka anati, "Wotsatira."

Tsiku lotitengera kudoko analiza mbetete yochenjeza za mabomba, ngakhale kumwamba kunalibe ndeke, kuti anansi athu akhale m'nyumba asatione. Anatilamula kuyenda titazolika mitu. Womasulira ankabwereza kuti tikupita kukagwira ntchito pachilumba china. Tinakwera zombo zonyamula makala, ndipo titafika kumtunda anatikweza sitima ya pamtunda yopita ku Poland. Za m'sitimamo sindilemba zambiri. Anali mabogi a ng'ombe, unali mwezi wa Ogasiti, ndipo m'bogi lathu munali mgolo umodzi wa madzi ndi wina wa zinazo. Bambo, amene anasokera nsapato theka la tauni yathu, anatsika opanda nsapato chifukwa mapazi anali atatupa.

Titatsika pa msasa wa akaidi, mkaidi wina wovala zamizeremizere anandilanda mwana kumsana nampereka kwa mayi. Ananena mawu amene sindinawamve. Kutsogolo kwa mzere kunali ofesala woloza ndi chala. Bambo, mayi ndi mwana anapita kumanzere, ine kumanja. Mayi anacheuka nati, "Konza tsitsi lako, lasokonekera." Dzuwa lisanapendeke anali atatimeta tonse mpala. Pambuyo pake anatilemba nambala pa mkono ndi singano ndi inki.

Ife a pachilumba tinkalankhula Chisipanishi chakale cha makolo athu. Chijeremani sitinkachidziwa, ngakhale chilankhulo cha Ayuda a kumpoto amene tinawapeza mumsasamo. Lamulo likaperekedwa tinkayang'ana anzathu kuti tione chochita, ndipo wochedwa ankamenyedwa. Mawu alionse a Chijeremani amene ndimadziwa anabwera ndi ndodo. Oyamba anali nambala yanga, chifukwa ikaitanidwa unkayenera kuyankha.

Patapita masiku ndinapeza mayi wina wochokera ku Greece, amene anali atakhalitsa mumsasamo ndipo ankamva chilankhulo chathu. Ndinamufunsa kumene amasungirako amayi ndi ana. Anandiyang'ana, nayang'ana buledi amene anali m'manja mwanga.

"Amako sakumva njala. Idya msanga asanakulande."

Sindinafunsenso.

Poyamba ndinkanyamula njerwa. Chisanu chitayamba anasankha atsikana odziwa kusoka natitumiza ku fakitale ina ku Germany, kumene tinkakonza mayunifomu obwera kuchokera kunkhondo. Ena anali ndi mabowo aang'ono ozungulira pachifuwa. Tinkachapa, kuika zigamba, kupinda. Mlonda wathu anali mkazi wamng'ono, wa zikhadabo zosamalika. Tsiku lina ndinathyola singano ya makina, ndipo anandigwaditsa panja pa chipale chofewa, madzi oundana ndi chisanu, ndi manja m'mwamba mpaka nthawi yoweruka. Pondidzutsa anati, "Singano ndi ya boma. Iwe si wa aliyense." Zala ziwiri za kuphazi lamanzere zinatsalira m'nyengo imeneyo.

Mu Epulo 1945 tinadzuka mmawa wina n'kupeza alonda kulibe. Chipata chinali chotseguka. Tinatuluka m'nyumba n'kufola pamzere monga mwa masiku onse, ndipo tinaima pomwepo mpaka asilikali ena, olankhula Chingerezi, anafika natiuza ndi manja kuti tikhale pansi. Anatipatsa nyama ya m'zitini. Mnzanga amene ndinkagona naye bedi limodzi anadya yake yonse, ndipo mimba yake sinathe kuilandira. Anamwalira ali mfulu.

Ndinakhala m'chipatala, kenaka m'misasa ya anthu osowa kwawo ku Italy. Kuchilumba sindinabwerere, kunalibe wondilandira. Ogwira ntchito yofunafuna abale anapeza mlongo wanga ku Northern Rhodesia, pamalo otchedwa Kafue. Mu 1947 ndinakwera chombo, kenaka sitima. Bogi lake linali la mipando yofewa ndi mawindo, koma ulendo wonse ndinaima pafupi ndi chitseko.

Kafue wa nthawi imeneyo anali siteshoni, mlatho, masitolo owerengeka ndi fumbi. Mlongo wanga anali papulatifomu ndi chipewa m'manja. Anandisiya ndili kamwana, tsono sanandizindikire mpaka nditatchula dzina lake. Anandikumbatira, koma maso ake anali pa chitseko cha bogi kumbuyo kwanga. Ankadziwa kuti palibe wina atsike. Anayang'anabe mpaka sitima itanyamuka.

Anali atatsegula sitolo yake pafupi ndi siteshoni: mchere, sopo, palafini, makasu, nsalu. Anandipatsa chipinda chakumbuyo. Sanafunse kanthu, inenso sindinanene kanthu. Ndinkabisa buledi pansi pa pilo mpaka nyerere zinandiulula. Iye anasesa nyererezo, nandigulira chitini chokhala ndi chivundikiro, nachiika pambali pa bedi. Funso anafunsa limodzi lokha, patapita miyezi, akupima mchere pasikelo, atandifulatira.

"Anavutika?"

"Sindinaone."

Anagwedeza mutu napitiriza kupima.

Pakhonde pa sitoloyo pankakhala telala ndi makina ake opalasa ndi phazi. Makolo ake anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iye anakulira m'komboni ya kuseri kwa siteshoni. Anthu akagula nsalu m'sitolo ankatulukira nayo kwa iye. Anali munthu wodekha, wa mpingo, woimba nyimbo za m'buku motsitsa akamasoka. Tsiku lina ndinaona akulimbana ndi kolala ya jekete, ndipo ndinatambasula dzanja. Anandipatsa. Nditamaliza anaitembenuza uku ndi uku nati, "Adona, ntchitoyi munaiphunzira kuti?" Ndinati kutali. Kuyambira pamenepo ndinkatulutsa mpando n'kukhala pambali pake, ine ndi singano ya pamanja, iye ndi makina.

Chinyanja ndinachiphunzira pakhonde limenelo. Ankaloza chinthu n'kutchula: ulusi, lumo, batani, mkono, khosi. Tsiku lina ndinafuna kuuza mayi wina kuti deresi lake latha kusokedwa, koma ndinanena kuti iyeyo watha. Amayi onse amene anali pakhondepo anafa nacho chiseko. Ine ndinabisa mutu m'mapewa, ndikudikira. Palibe chinabwera. Mayi uja anandigwira paphewa, akupukuta misozi ya kuseka, nandiuza mawu oyenera pang'onopang'ono. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu angalakwitse mawu n'kungosekedwa basi.

Telalayu anali ndi mlongo wake wokwatiwa ndi msodzi wa ku Chanyanya. Ankabwera ndi dengu la nsomba zouma kudzagulitsa kwa okwera sitima, ndipo akatopa ankapumira pakhonde lathu ndi mwana kumbuyo. Ine ndinkavala za manja aatali nthawi zonse. Koma kutentha kwa Okutobala kunandigonjetsa, ndinapinda manja a deresi. Iye anagwira mkono wanga osapempha, monga amachitira akazi okhaokha. Nayenso anali ndi mphini m'mbali mwa maso.

"Adona, mphini izi anakutemerani ndani? Munkadwala chiyani?"

"Sindinkadwala."

"Nanga n'zokongoletsa zakwanu?"

"Ayi. Ankatiwerenga nazo, ngati ng'ombe."

Ananyowetsa chala ndi malovu nayesa kufufuta. Ataona kuti sizichoka anayang'anitsitsa nati, "Zakhota. Wotemayo anali pachangu."

"Tinali ambiri pamzere."

Anatsitsa mkono wanga pamwendo pake, naugwirabe mpaka sitima inalira.

Mvula ya chaka chotsatira mwana wake uja anamwalira ndi malungo. Maliro anali kwa makolo a telala m'komboni. Telala sanabwere kuntchito, makina anakhala ovundikira. Ndinauza mlongo wanga kuti ndikupita kumaliro. Iye anati mzungu wamkazi salowa m'komboni, anthu a pasiteshoni adzakamba. Ndinamanga mpango n'kupita.

Amuna anali panja pansi pa mtengo, akazi m'nyumba pamphasa. Anandisunthira malo. Aliyense wofika ankayamba kulira ali pabwalo, n'kulowa akulira, n'kugwa pakati pa anzake. Nditamvetsera ndinazindikira kuti sakutchula mwana yekhayo. Wina ankati, "Amayi anga ine, munandisiya ndi yani!" Wina ankaitana mwamuna wake, wina mapasa ake. Ndinafunsa mayi wachikulire amene anali pambali panga, m'Chinyanja changa chothyoka, ngati onsewo amwalira lero.

"Iyayi, mwanawe. Pamaliro aliyense amalira ake."

Chiyambire tsiku lija la ofesala woloza ndi chala ndinali ndisanalire. Pamphasa paja ndinalira m'chilankhulo chakwathu. Ndinatchula mayi, bambo, mwana, kenaka azakhali, anansi, atsikana a kufakitale, aliyense ndi dzina lake. Palibe anamva mawu anga, palibenso anandiletsa. Wina anandigwira m'chiuno kuti ndisagwe. Nditatopa anandipatsa madzi m'chikho, ndipo pambuyo pake wina anandiikira lichero la chibwabwa, masamba a maungu, pamiyendo kuti ndithandize kusadzula, chifukwa anthu ankayenera kudya.

Zinatenga zaka kuti ine ndi telala tikambe za ukwati. Ndinayamba ndine. Iye anaimitsa makina nati, "Mukudziwa zimene adzakuchiteni anzanu?" Ndinati ndikudziwa zimene anthu amatha kuchita, ndipo izi n'zazing'ono.

Mlongo wanga anakana.

"Tatsala awiri basi. Ukakwatiwa ndi munthu ameneyu, ana ako adzakhala ayani?"

"Kwathu mwana amatsata mayi. Kwawonso mwana ndi wa kuchikazi. Mbali zonse ziwiri adzakhala athu."

"Bambo akanati chiyani?"

"Sindikudziwa. Inunso simukudziwa."

Anatuluka. Kuyambira tsikulo tinkadya patebulo limodzi osalankhulana. Sindinamuimbe mlandu. Iye anali atakhala zaka zonse za nkhondo akugulitsa sopo, osadziwa kanthu, ndipo chimene chinamutsalira kuti achisunge chinali ine.

Kumpingo wa telala nakonso sikunali kophweka. Akulu a mpingo anandiitana nandipempha mwaulemu kuti ndilowe kalasi ndibatizidwe. Ndinawayankha kuti anthu anga anafera dzina limeneli, sindingalivule ngati malaya. Mkulu wina anati wamva. Mpingo unaimitsa telala pa mgonero wa Ambuye kwa nthawi. Iye ankapitabe kutchalitchi Lamulungu lililonse, n'kukhala kumbuyo.

Tinagwirizana kuti tichite chinkhoswe. Kuchimuna kunali malume ake. Kuchikazi kunalibe munthu, ndipo popanda nkhoswe wa mkazi ukwati suyenda. Mwamuna wa wogulitsa nsomba uja anadzipereka kuti aimirire, koma aliyense ankadziwa kuti n'kungophimba. Tsikulo litafika tinakhala pabwalo la m'komboni, anthu atazungulira. Malume anali atayamba kale kulankhula pamene ana anayamba kuthamanga akuloza kumsewu. Mlongo wanga ankabwera wapansi, ndi suti ndi chipewa, atapanira nkhuku ya msoti m'khwapa. Wina anali atamuuza mwambo wake. Anaigwira molakwika, ndipo inali itamuipitsira jekete.

Anamupatsa mpando. Atasinthana nkhuku, malume anati, "Bwana, pali mawu amene mukufuna kutisiyira okhudza mwana wanuyu?"

Chinyanja cha mlongo wanga chinali cha pasitolo, cha mitengo ya katundu. Anaimirira navula chipewa.

"Ine mawu amodzi chabe. Uyu mwana, osamukuwira. Akalakwa, kambani pansipansi."

"Zokhazo?"

"Zokhazo."

Mwamuna wanga anasunga mawu amenewo mpaka imfa yake. Sanandikwezerepo mawu, ngakhale masiku amene ndinkayenera.

Azungu a pasiteshoni analeka kundipatsa moni. Akazi awo anasiya kubweretsa zosoketsa, koma ena ankatuma antchito mobisa, chifukwa panalibe wina wodziwa kusoka makolala ngati ine. Tinamanga kanyumba ka njerwa zosaotcha, tinagula makina achiwiri. Ndinaphunzira kuphika nshima kwa mlamu wanga wa ku Chanyanya uja, amene anandiuza poyera kuti yoyambayo sangapatse ngakhale galu. Tinabereka mwana wamkazi, kenaka amuna awiri. Pobadwa woyambayo ndinakhala masiku ndikuopa kumubereka kumsana. Apongozi anga anangomunyamula, namuika pamsana panga, namanga chitenje.

Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa ndinkayatsa makandulo awiri. Mwamuna wanga ankavundikira makina, ana ankasamba, ndipo mlongo wanga ankabwera kudzanena dalitso pa buledi. Lamulungu ana ankapita ndi bambo awo kutchalitchi. Mpingo unamubwezera pa mgonero, ndipo mkazi wa mkulu uja anakhala kasitomala wanga. Dziko litalandira ufulu, Ayuda ambiri a m'mbali mwa njanji anachoka pang'onopang'ono. Mlongo wanga sanachoke, ndipo sanakwatire. Anamwalira m'manja mwa mwana wanga wamkazi, ndipo tinakamuika ku Lusaka, kumanda a Ayuda. Mwamuna wanga anamutsatira patapita zaka, ndipo ali kuno ku Kafue, pakati pa anthu a mpingo wake.

Sindinganene kuti zonse zinapola. Galu wamkulu akauwa ndimaima chilili. Sinditaya mkute, ndipo adzukulu amandiseka kuti firiji yanga yadzaza ndi timbale tokhala ndi nyemba zitatu. Koma ndinakhala ndi moyo wautali, wa ntchito, ndipo masiku ambiri a moyowo ndinkaganiza za ulusi, za sukulu ya ana ndi za mvula, monga wina aliyense.

Tsopano ndapitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Ndimakhala ku Kafue Estates ndi mwana wanga wamkazi, amene nayenso ndi agogo. Chaka chatha ndinadwala chibayo, ndinagona m'chipatala. Nditatuluka, mmawa wina tili pakhonde tikuona maminibasi akunyamula anthu opita ku Lusaka, iye anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga, nayamba kuseweretsa mphonje ya chitenje.

"Amama, nifunako kumufunsani chinthu. Musakalipe."

"Funsa."

"Tsiku ikafika, tizakupelekani kuti? Ku Lusaka kuli amalume, olo kuno kuli adadi?"

Ndinati ndiganize kaye.

"Ganizani, kulibe vothamangila. Vamene muzakamba ndiye vamene tizachita."

Ndinaganiza masiku angapo. Ku Lusaka kuli zilembo za Chihebri ndi mapemphero amene ndinawamva ndili mwana. Kuno kuli mwamuna wanga, apongozi, mlamu wanga, ndi amayi ambiri amene ndinawasokera madiresi a ukwati ndi nsalu za m'bokosi. Mbali zonse ziwiri zinali ndi zifukwa zabwino. Koma chimene ndinkachiona kwambiri m'masiku amenewo si yankho ayi, linali funsolo. Anthu akandifunsa za ufulu amayembekeza kuti ndikambe za 1945. Asilikali anatimasula m'tsiku limodzi, n'zoona. Kuzolowera kuti munthu andifunse chimene ndikufuna, adikire, ndipo chimene ndanenacho chichitike, kumeneko kwanditengera moyo wonse.

Ndinamuitana n'kumuuza kuti andiike ku Kafue. Mapemphero akwathu, ngati kudzapezeke wowadziwa ku Lusaka, abwere adzanene. Ngati sadzapezeka, amayi a mpingo aimbe zawo. Ndinapemphanso chimodzi: maluwa a pulasitiki ayi. Kwathu wobwera kumanda amasiya mwala waung'ono pamwamba, kusonyeza kuti anafika.

"Mwala chabe?"

"Mwala chabe."

Anaseka, akuloza kumapiri a kutsidya kwa msewu. "Miyala yeve mu Kafue ni yambili, siizasila."

Anadzuka, nakutumula chitenje, nandifunsa ngati ndimwe tiyi tsopano kapena dzuwa likakwera. Ndinati likakwera. Anati chabwino, nakhalanso pansi.